Phazi la a Buleki

"Gwirani zolimba, mayi, ndipo musalankhule. Makinawa sakonda phokoso."

Nesi ananena mawuwa osamuyang'ana n'komwe munthu amene ankamuuzayo. Anali atawabwereza kuyambira m'mawa mpaka kukhosi kuuma. Mayi amene anakhala patsogolo pake anafumbata kachitsulo konyezimira ndi manja onse awiri, atatsinzina ngati ali m'pemphero. Chingwe cha kachitsuloko chinkalowa m'makina otuwa amene anali pambali pa kompyuta. Pasikirini panatuluka chithunzi cha munthu wopanda khungu, chinazungulira pang'onopang'ono, kenaka mizere inayamba kutsika. Chiwindi chofiira, impso zofiira, magazi, mafupa, zonse psuu.

"Mayo ine! Zonsezi ndi zanga?" anafunsa mayiyo atatsegula maso.

"Ndi zanu. Pitani pakauntala apo, a dokotala akuuzani botolo la mankhwala loyambira. Wotsatira!"

A dokotala a pakauntalawo anali alamu ake, akulu awo a mwamuna wake, ndiponso eni ake a shopuyo. Udokotala wawo unali wa chijasi choyera ndi magalasi basi. Kubanja ankawatchula a Zakunja, chifukwa nkhani iliyonse, ngakhale ya mpope wodontha, ankaiyamba ndi mawu akuti "kunja satero," chonsecho kunjako anangopitako kamodzi kukagula makina omwewa. Naye Nesi sanali nesi. Sukulu ya unamwino anaiyamba ndithu, koma anaisiyira panjira atatenga pathupi pa mwana woyamba, ndipo chimene chinatsala ndi dzina lokhalo. A Zakunja atamva dzinalo anamusokera chijasi chake n'kumukhazika pamakina.

Chinsinsi cha makinawo chinali chaching'ono mochititsa manyazi. Kumbuyo kwake, mbali yoyang'ana kwa woyeza, kunali timabatani tiwiri. Ka kumanzere kanali ka munthu wobwera koyamba, ndipo ukakadina zonse zinkatuluka zofiira. Ka kumanja kanali ka munthu amene wamwa kale mabotolo n'kubweranso, ndipo ukakadina zonse zinkatuluka zobiriwira. Kachitsulo kaja ntchito yake inali yongotangwanitsa manja a munthu. A Zakunja anamuonetsa zimenezi tsiku loyamba lomwe, mosabisa, ngati mmene umamuonetsera mlendo poyatsira magetsi.

"Mabotolowa sapha munthu, alamu, ndi masamba chabe," anatero tsikulo. "Munthu akaona zobiriwira mtima umakhala pansi, ndipo mtima ukakhala pansi wachira kale theka. Kunja amazidziwa zimenezi."

Nesi anali atasiya kalekale kulimbana nazo m'mutu. Ana ankadya, mwamuna wake ankayendetsa galimoto ya shopu yomweyo, ndipo madzulo alionse ankafika kunyumba atatopa kwambiri moti analibe mphamvu zodzida.

Wotsatira asanakhale pansi, pakhomo panaima mayi wina wachikulire amene sanalowe pamzere. Anali akazi a malume ake. Anangomukodola ndi dzanja n'kubwerera panja.

"Anti, kwagwanji?" anafunsa Nesi atawapeza pakhonde.

"Malume ako phazi lija layamba kununkha."

"Phazi liti?"

"Aa, sanakuuze? Nsapato yatsopano inawachititsa thuza pachala chachikulu. Thuzalo linaphulika, ndiye pali chilonda. Sichikupola, chikungokula."

"Nanga kuchipatala akuti chiyani? Munthu wa shuga sasewera ndi chilonda chapaphazi, anti, mukudziwa."

Mayiwo anamuyang'ana kwa nthawi, maso ali ofiira chifukwa chosagona bwino.

"Chipatala chake chiti? Munthu anasiya zonse. Kudzibaya anasiya, mapiritsi anakathira m'chimbudzi ine ndikuona. Akuti shuga anatha. Akuti makina a Nesi anatero. Ine ndalankhula mpaka ndatopa, mwana wanga. Amene angamumvere ndi iwe wekha."

 Nesi anagwira chipilala cha pakhonde, chifukwa tsikulo ankalikumbukira bwino lomwe.

Panali patapita mwezi ndi kanthu chichitikireni zimenezo. Malume ake analowa m'shopumo atavala suti ya maliro ndi maukwati, akununkhira sopo. Anthu ankawatchula a Buleki, chifukwa pa zaka zawo zonse zoyendetsa mabasi a maulendo ataliatali ankaponda buleki moti okwera ankapsompsona mpando wa kutsogolo. Ndi iwo amene analera Nesi mayi ake atamwalira, ndipo ndi iwo amene anamupatsa dzinalo tsiku limene anamuperekeza kusukulu ya unamwino. Atasiyira panjira sanamukalipire, ndipo dzinalo sanalichotse. Tsiku limenelo anabwera kudzaona mwana wawo ali pantchito, envelopu ya penshoni ikuonekera m'thumba la jekete.

"Ndiyeze nanenso, dona," anatero akukhala pampando. "Ndiye ngati pali botolo loti ndigule, usandibisire. Ndabwera wokonzeka."

Nesi anayang'ana envelopuyo, anayang'ana kolala ya malaya yomwe inali itayamba kunyenyeka, ndipo chisoni chinamugwira. Angawadyere bwanji masuku pamutu malume ake omwe? Chala chake chinapita chokha pakabatani ka kumanja. Mizere inatsika yobiriwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Muli bwino, malume. Palibe choti mugule. Pitani kunyumba."

"Zonse? Ndi shuga yemwe?"

"Mukudzionera nokha."

Anafuna kuwonjezera kuti mankhwala a kuchipatala asasiye, koma a Zakunja anali ataima kale pambali akuwagwira chanza, ndipo m'shopumo munali lamulo loti dzina la chipatala lisatchulidwe. Komanso anaganiza kuti ndani angasiye jakisoni wa zaka zonsezo chifukwa cha katuni wozungulira pakompyuta? A Buleki anatuluka akuvinavina, ndipo Nesi anaweruka tsikulo akumva kupepuka, akudziona ngati wachita chinthu chabwino.

Masana a tsiku limene anti ake anabwera kudzamuuza, Nesi anapempha kuti aweruke msanga, n'kukwera basi limodzi ndi anti ake. Fungo linawalandira asanalowe n'komwe pabalaza. Linali fungo lotsekemera moipa, ndipo Nesi analidziwa kuchokera m'mawodi mmene ankaphunzirira ntchito. A Buleki anali pampando wawo pafupi ndi zenera, phazi lamanja atalikulunga nsalu n'kuliika pakampando. Pambali pawo panali chigubu cha madzi chotsala pang'ono kutha ndi kapu ya tiyi, supuni itaima m'katimo. Anali ataonda, masaya atalowa, koma nkhope inali yowala ndi chimwemwe.

"Aa, dokotala wanga! Anti ako akakutenga kuti udzandiopseze, eti? Khala apa. Ukudziwa kuti ndinaiwala mmene tiyi wa shuga amakomera? Zaka zonsezi ndakhala ndikumwa madzi otentha amtundu."

"Malume, ndione nawo phazilo."

"Ona. Ndi kachilonda ka nsapato, kakuchedwa chabe."

Nesi anagwada n'kumasula nsaluyo pang'onopang'ono, chifukwa inali itamatirira. Chala chachikulu chinali chakuda bii. Zala zoyandikana nazo zinali zitayamba kutuwa, ndipo kutupa kunali kutakwera mpaka pakakolo. Anakanikiza ndi chala pamwamba pa phazilo.

"Mukumva ndikamagwira apa?"

"Ayi."

"Nanga apa?"

"Sindikumva kalikonse. Waona? Ululu unatha sabata yatha. Ndiko kupola kumeneko."

Anti ake anatsonya n'kulowa kukhitchini. Nesi anakhala pansi pomwepo, pasimenti, manja ali pamaondo. Anadziwa kuti ngati anena mozungulira, bambo ameneyu aseka n'kuyamba nkhani ya mabasi.

"Malume, tiyeni kuchipatala lero lomwe. Shuga wanu sanathe. Makina aja ndi abodza. Sayeza chilichonse. Ndine ndinachititsa kuti zituluke zobiriwira, chifukwa sindinkafuna kuti mugule mabotolo opanda ntchito."

Anayembekezera kuti akalipa. Koma a Buleki anaseka mpaka kutsokomola, n'kumwa madzi a m'chigubu muja.

"Koma akazi inu! Mwapangana bwino. Anti ako akuuza kuti udzinyoze wekha kuti ine ndichite mantha. Iwe Nesi, ine ndinakulera. Sungakhale pampando tsiku lonse kumanamiza anthu, ulibe mtima umenewo. Ukanama khutu lako limatentha, kuyambira uli mwana."

"Ndikunena zoona, malume."

"Tamvera. Kuchipatala kuja ndapitako zaka zosawerengeka. Umafika kusanache, umakhala pabenchi mpaka matako kuphwa, ndiye kamnyamata kovala zoyera kamakuuza osakuyang'ana kuti matendawa sachira, mufa nawo. Tsiku lililonse kudzibaya pamimba ngati ng'ombe. Ndiye kwabwera makina andiona mkati monse, andiuza kuti ndamasuka, iwe ukufuna ndibwererenso kuukapolo? Munthu amalakwitsa, mwana wanga. Munthu amakhala ndi njala, ndi tulo, ndi nsanje. Makina alibe zimenezo."

"Phazili alidula mukachedwa."

"Chabwino, tisakangane. Mawa ndibwera undiyezenso. Zikatuluka zobiriwira, inu nonse mundisiye. Zikatuluka zofiira, ndigula mabotolo ngati mmene amachitira anzanga, basi nkhani yatha."

 Zobiriwira zikanawabwezera pampando womwewu, zofiira zikanawapititsa pakauntala, ndipo njira zonse ziwiri sizinkadutsa kuchipatala. Nesi anatsuka chilondacho ndi madzi owiritsa, anachimanga ndi bandeji yatsopano, n'kutsanzika. Pobwerera anaima m'basi njira yonse, fungo lija lili m'manja.

M'mawa mwake anafika pashopu anthu asanayambe kubwera. A Zakunja anali akupukuta mabotolo n'kumawandandalika pashelefu. Nesi anawafotokozera zonse ataima, chikwama chidakali paphewa. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Pepani, alamu. A Buleki ndi munthu wabwino. Akabwera dinani kumanzere, mabotolo ndiwapatsa ulere, ndiye mukatuluka panja muwanong'oneze za chipatala."

"Sangamve. Akakhala ndi botolo m'manja sapita kulikonse."

"Nanga mukufuna ndichite chiyani ine?"

"Muwauze nokha kuti makinawa sayeza. Inu angakukhulupirireni."

A Zakunja anaika botolo pansi mosamala. Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri.

"Alamu, tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Ndinakuuzani tsiku loyamba kuti wobwera koyamba ndi kumanzere. Mukanatsata zimenezo, bwenzi malume anu akudzibayabe jakisoni wawo, akumwa ndi timasamba tathu pambali, phazi lili bwinobwino. Ine sindinauzepo munthu kuti wachira asanamwe kanthu. Chisoni chanucho ndicho chawapweteka. Ndiye lero mukufuna ndigwetse shopu chifukwa cha chala chanu?"

Nesi anangozyolika. Mawuwo anali oipa, koma bodza munalibe.

"Pakhomo pano pamadya mabanja angapo," anapitiriza, akuvalanso magalasi. "Mng'ono wanga, amuna anu aja, amayendetsa galimoto yanga. Ana anu ndi ana anga. Musandiike pamalo ovuta. Valani chijasi, anthu ayamba kufika."

Anavala. Anayeza bambo wina wa msana, mtsikana wa ziphuphu, mayi wosagona tulo, onse zofiira, onse pakauntala. Dzuwa litakwera takisi inaima pakhomo. A Buleki anatsika atavala suti yomwe ija, phazi lamanzere lili mu nsapato, lamanja lili mu bandeji ndi pepala lapulasitiki, atatsamira paphewa la akazi awo. Thukuta linali kamukamu, koma analowa akupereka moni kwa aliyense wa pabenchi. Anthu atamva fungo anawapatsa njira osawapempha.

"Ndabwera, dona. Tiyeni tiwachititse manyazi anti ako."

Anafuna kukhala pampando wa oyezedwa, koma Nesi anaimirira n'kuwagwira mkono.

"Lero mukhala mbali ino, malume, pampando wanga. Mudziyeza nokha."

"Iii, ndakwezedwa pantchito!" anatero akuseka, n'kukhala.

"Alamu," a Zakunja anaitana ali pakauntala. Mawuwo anali otsika, koma aliyense anawamva.

Nesi sanacheuke. Anatenga kachitsulo kaja n'kukagoneka patebulo, poonekera, popanda woti akagwire. Kenaka anatenga chala cha malume ake n'kuchiika pakabatani ka kumanzere.

"Dinani apa."

Anadina. Munthu wopanda khungu uja anazungulira, ndipo mizere inatsika yofiira, chiwindi, impso, magazi, zonse.

"Koma sindinagwire chitsulo," anatero a Buleki.

"Simunagwire. Tsopano dinani kabatani kenako."

Anadina ka kumanja. Chithunzi chinazunguliranso, ndipo mizere inatsika yobiriwira mpaka pansi. A Buleki anayang'ana kachitsulo kali patebulo, anayang'ana pasikirini. Nesi anachotsa dzanja lake. Iwo anadinanso okha kumanzere, zinafiira. Anadina kumanja, zinabiriwira. Anabwerezanso, mofulumira tsopano, ngati munthu amene akuyesa buleki yomwe yakana kugwira, ndipo nthawi iliyonse makinawo ankayankha mokhulupirika. 

Kenaka anasiya. Anaika manja onse awiri patebulo ndipo anaoneka okalamba kwambiri kuposa mmene analowera.

"Ndiye kuti ntchito yako ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, malume."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Sanakalipe. Anangoyang'ana pansi, pa phazi lokulungidwa mupulasitiki, ngati akuliona koyamba.

"Mayi," anaitana akazi awo, "muuzeni wa takisi asachoke."

Pabenchi panayamba phokoso. Bambo wa msana uja anaponya botolo lake pakauntala n'kuyamba kutukwana. Amayi awiri anatuluka akupukusa mitu. Koma a Zakunja anali atatuluka kale kuseri kwa kauntala, manja ali m'mwamba, akumwetulira.

"Abale, abale, mitima pansi. Makina asokonezeka chifukwa ayatsidwa popanda munthu. Kunja amaletsa zimenezi. Ndiwazimitsa pang'ono n'kuwayatsanso, tipitirize."

Ndipo ena anakhaladi. Mayi wina wonyamula mwana anasendera kutsogolo pamalo amene anasiya anzake aja, n'kunena kuti iye wachokera kutali, sangabwerere osayezedwa. Nesi anamva zimenezo akuvula chijasi, ndipo analibe ngakhale mphamvu zodabwa. Anachipinda, anachiika pampando, n'kutenga chikwama chake.

"Mukatuluka apa mwatuluka, alamu," anatero a Zakunja chapansipansi pamene ankawadutsa.

"Ndamva."

Nesi anakwera nawo takisi ija. Kuchipatala anakhala pabenchi yomwe a Buleki ankaida ija mpaka dzuwa kupendeka. Namwino weniweni, mtsikana wamng'ono kwa Nesi, anabaya a Buleki pachala, anayang'ana kamakina kake ka m'manja, n'kuthamanga kukaitana dokotala. Dokotalayo anali mayi wotopa ngati wina aliyense m'chipindamo. Anamasula bandeji, anayang'ana, anagwira m'munsi mwa bondo, n'kufunsa kuti mankhwala anasiya liti ndipo chifukwa chiyani.

"Ndinangotopa nawo," anayankha a Buleki.

Nesi anafuna kulankhula, koma malume ake anamuyang'ana kamodzi kokha ndipo anatseka pakamwa. Dokotala anausa moyo. Anati zikanakhala za sabata ziwiri zapitazo bwenzi akukamba za chala chimodzi, koma tsopano kuola kwalowa mkati, ndipo kuti apulumutse mwendo ndi moyo ayenera kudula pamwamba pa kakolo. Anti ake anakhala pansi pomwepo n'kudziphimba kumaso ndi mpango. A Buleki anangofunsa ngati munthu wa phazi limodzi amaloledwa kumwa tiyi wa shuga, ndipo palibe amene anaseka.

Masiku otsatira anali olemera. Mwamuna wake wa Nesi sanamukalipire, anangosiya kumulankhula, ankadya n'kutuluka. Galimoto a Zakunja sanamulande, koma kwa akulu akewo ankalowa chogwada. Shopu inatsegulidwa monga mwa nthawi zonse, ndipo pamakina panakhala mtsikana wina amene chijasi chija chinkamukhwepa m'mapewa. Nesi ankadzuka, kukonzekeretsa ana, kuphika za wodwala, n'kukwera basi ya kuchipatala. Ankasintha anti ake kuti akapume, ankachapa zofunda, ankataya mkodzo. Malume ake ankalandira zonse mwaulemu ngati mmene umachitira ndi mlendo, ndipo ulemu umenewo unkamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Tsiku lina masana, opaleshoni itachitika ndipo malungo atatsika, anawapeza ali maso, atatsamira pilo. Bulangeti linkakwera pa phazi lamanzere, kumanja linangogona fulati. Anti anali atapita kukatenga madzi otentha. Nesi anakhala pakampando n'kuyamba kusenda lalanje lomwe dokotala analola, theka lokha.

"Malume, ndikhululukireni," anatero osadzutsa mutu. Anali atanena kale mawuwa kangapo, koma sankayankhidwa.

"Za ine zisiye. Ndine wamkulu, mapiritsi ndinataya ndi dzanja langa. Ndinkafuna kumva zimene ndinamvazo." Anayang'ana kudenga. "Koma pali chimene chikundisowetsa tulo. Ndi angati?"

"Angati chiyani, malume?"

"Amene unawamvera chisoni ngati ine. Usandiuze kuti ndinali ndekha. Ndimakudziwa iwe, mtima wako ndi wa mayi ako."

Mpeni unaima m'manja mwa Nesi. Anali asanaganizeko zimenezo ngakhale kamodzi, chifukwa m'mutu mwake munali mutadzaza phazi limodzi lokhali. Koma tsopano nkhope zinayamba kubwera zokha. Agogo ena otupa miyendo amene anabwera ndi ndalama zomanga pansonga ya mpango. Mlonda wina wotsokomola, woonda, amene anati wachokera kuntchito osagona. Mayi wachitsikana wa masilipasi othothoka amene anamunong'oneza kuti ali ndi kachotupa kubere, ndipo atamuuza kuti zonse zili bwino analira ndi chimwemwe n'kumugwira manja onse awiri. Panalinso ena, ambiri ndithu. Aliyense amene ankaoneka kuti alibe, Nesi ankamudinira kumanja a Zakunja asakuona, n'kumuuza kuti apite kunyumba palibe choti agule. Ndipo masiku amenewo ndiwo ankagona tulo tabwino.

"Sindikuwadziwa mayina, malume," anatero. "Ngakhale kumene amakhala sindikukudziwa."

A Buleki anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga kachidutswa ka lalanje m'manja mwake, koma sanakadye.

"Ine ndinali ndi anti ako woti abwere kudzakuuza," anatero.